Malata a Amalume ndi Dziko la Madzuwa Awiri

Memore khadi ija ndinaiponya patebulo la Fabiano mwamphamvu mpaka inanjanja n'kugwera m'kapu yake ya tiyi.

"Mwayambanso, a Teleza," anatero akuivuula ndi supuni. Fabiano akayamba kunditchula kuti "a Teleza" ndiye kuti akudziwa kuti walakwa.

"Ndinakuuza chiyani ine? Ndinati undiikire filimu ya zam'tsogolo, ya anthu opita ku nyenyezi, yoti munthu ukaonera mtima uzikhala m'malo. Iwe wandiikira chiyani? Yoyamba, maloboti apha anthu onse. Yachiwiri, matenda apha anthu onse. Yachitatu, chimwala chagwa kumwamba, chapha anthu onse, kwatsala galu."

"Komatu galuyo anapulumuka."

Ndikanakhala ndi mwala pafupi, bwenzi pano tikukamba zina. Fabiano ndi chibwenzi changa, ndipo ndimamukonda, zimenezo sindibisa. Ali ndi kashopu kake pa Khonjeni komwe amabena nyimbo ndi mafilimu, ndipo anthu a m'maesiteti a tiyi akalandira malipiro amadzaza pakhomo pake ngati pachigayo. Koma kumva kwake n'kwa nkhuku. Ine kusukulu ndinkakonda sayansi. Tsiku lomwe aphunzitsi anatiuza kuti kuwala kwa nyenyezi zina kunanyamuka agogo a agogo athu asanabadwe, ndinayenda mpaka kunyumba osaona njira. Chimene ndinkafuna n'chimenecho, nkhani yondidabwitsa choncho, osati yondiopseza.

"Kutha kwa dziko ndinakuona kale ndi maso angawa," ndinamuuza. "Chaka cha namondwe chija phiri linatsika ndi matope n'kukokolola theka la munda wa mayi. Ndiye ndizitayanso nthawi kuonera azungu akuthawa madzi?"

"Filimu yopanda mdani si filimu, Teleza. Anthu angagone."

"Mdani akhale funso. Anthu azilimbana ndi funso, osati kuphana."

Kuseri kwa matabwa kunamveka kachiphwete. Anali Triza, mwini shopu yoyandikana nayo, komwe tonse timatchajitsa mafoni pa sola. Matabwa olekanitsa mashopu awiriwa ndi opyapyala, ndipo khutu la Triza limakhala pomwepo kuyambira m'mawa. Anasuzumira pakhomo atanyamula mbale ya zitumbuwa.

"A Fabi, idyani. Akazi a sukuluwa angakuwondetseni. Ine filimu iliyonse yomwe mungandiikire ndimaonera mpaka kumapeto, osadandaula."

Ndinatenga chitumbuwa chimodzi, chachikulu kuposa zonse, n'kutuluka ndikudya.

*

Kunyumba nkhani inali ina, ndipo inali yolemera kuposa mafilimu. Akwawo kwa Fabiano anali atatumiza mawu kuti akufuna kubwera Loweruka kudzaonana ndi akwathu, koma amalume anga, a Bizwick, anali atakana.

A Bizwick ndi mlongo wawo wa mayi, ndiye mwini mbumba. Popanda mawu awo ukwati wanga kulibe. Banja lawo la ku Thekerani litatha anabwerera kwathu ndi njinga yopanda mabuleki komanso malata omwe anagula atapuma ntchito ya ulonda pa esiteti. Malatawo ndiye chuma chawo chonse, amawakonda kuposa ana. Kwathu kuno mwamuna ndiye amatsatira mkazi, ndipo ndi amalume amene amaloza mkamwini pomanga nyumba ndi polima. Vuto linagona pamenepo.

"Mkamwini ameneyu ndimuika pati?" anandifunsa atakhala pakhonde. "Pamutu pangapa? Kumtunda tiyi, kumunsi tiyi, kuseri manda. Kamunda ka amakoka mbuzi itagona mchira umatulukira kwa eni ake."

"Amalume, Fabiano ali ndi shopu."

"Shopu mudzabzalamo nandolo? Bwanji osalola Dan, kalaliki uja? Ali ndi nyumba ya esiteti, safuna malo kwa ine."

"Ntchito ikatha nyumbayo amalanda."

"Zimenezo tidzaziona ikadzatha."

Mayi, a Magdalena, anangopitiriza kusenda chinangwa. Amadziwa bwino bala la mlongo wawo. Zaka zapitazo, pomwe anthu osowa malo a kuno ankasamutsidwa kupita ku Mangochi, amalume anali m'gulu lopita, koma lole inanyamuka iwo ali kuchipatala ndi malungo. Mpaka lero akamwa pang'ono amayamba kuwerengera anthu za chimanga chomwe akanakolola kumeneko. Kenaka kunabweranso njonda ina ya tayi yomwe inawalonjeza malo n'kuzimirira.

"Munthu wonama pa nkhani ya malo ndi mfiti," amalume anamaliza choncho, monga amachitira nthawi zonse. "Ameneyo pakhomo panga sapondapo."

*

Patapita masiku, foni yanga inalira ndili pachulu cha m'mphepete mwa tiyi, malo okhawo omwe netiweki imagwira kwathu. Anali Fabiano.

"Ndafufuza kompyuta yonse. Ndafunsa anzanga a ku Limbe. Onse akuti filimu yotero kulibe."

"Ndiye upeke yako," ndinamuyankha.

"Ine?"

"Iwe. Bodza umatha kale."

Ndinangonena mopsa mtima, sindinayembekezere kanthu. Koma madzulo a tsiku lomwelo kunabwera kavoisi kafupi ka mawu ake ojambula, kenaka kena, kenaka kenanso. Amatumiza tizidutswatizidutswa chifukwa voisi ikatalika netiweki yathu imaisiya panjira.

Mnyamata ameneyu, abale! Anayamba ndi chombo chachikulu ngati phiri, chonyamula anthu a kwathu konkuno, mbuzi zawo ndi mbewu zawo. Chombocho chinayenda mibadwomibadwo mpaka kufika kudziko lina la nthaka yofiira, lokhala ndi madzuwa awiri. Limodzi lalikulu loyera, lina laling'ono lofiirira. Munthu akaima amakhala ndi zithunzithunzi ziwiri, ndipo ana ankasewera kuzipondanitsa. Tsitsi linandiimirira, osati ndi mantha, koma ngati tsiku lija la aphunzitsi.

Kenaka anaononga.

"Ndiyeno usiku wina kunatulukira chinjoka cha mitu isanu..."

"Chotsa njokayo," ndinalemba.

"Teleza, pang'ono pokha."

"Chotsa. Ndiyankhe ichi. Madzuwa akakhala awiri, anthu adziwa bwanji nthawi yobzala? Mvula iyamba mwezi wanji?"

Atabweranso m'mawa mwake, njoka inali itafa yokha, ndipo anthu a m'nkhani yake anali pa mkangano waukulu. Ena ankati titsatire dzuwa lalikulu, anabzala, mbewu zinapsa. Ena anatsatira laling'ono, mbewu zinaola. Panalibe wopha mnzake, koma ine ndinkathamangira pachulu ngati kwagwa ngozi, kuti ndimve ngati apeza yankho.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi tinadutsira njira ya m'tiyi. Fabiano anandikokera kuchigwembe china komwe kuli mtengo wautali wa masamba obiriwira kwambiri.

"Ukuudziwa mtengo uwu?"

"Ayi."

"Ndi tiyi. Anauiwala, sanaudulire. Tiyi ukamusiya amakula chonchi."

Ndinabadwira pakati pa tiyi, koma ndinkayesa kuti Mulungu anamulenga wolekeza m'chiuno. Ndinayang'ana m'mwamba mpaka khosi kuwawa.

"Kudziko kuja tiyi sadulira," anatero. "Amakwera pamakwerero pothyola, ndipo pansi pake ana amakhala pamthunzi."

Pamenepo ndinamugwira dzanja, anthu aone asaone. Ndinamuuza kuti ndidzalimbana ndi amalume mpaka alole.

*

Lachitatu foni inatha moto, ndipo ndinakaisiya kwa Triza monga mwa nthawi zonse. Pa Khonjeni tonse timatero, umasiya foni m'mawa n'kukaitenga madzulo. Yanga ilibe ndi loko yomwe, chifukwa mayi amaimbiranso yomweyo.

Pokaitenga, Triza anandipatsa akumwetulira mpaka mano a kumapeto.

"Yadzadza, asisi. Koma inuyo ndi achinsinsi, eti? Ulendo wabwino."

"Ulendo wanji?"

"Aaa, ife ndife ndani kuti mutiuze."

Ndinangoti ndi nsanje yake ya masiku onse. Koma m'mawa mwake kumjigo amayi ena omwe sitilankhulana n'komwe anandithandiza kusenza ndowa. Wina anandipatsa nzimbe. Gogo wina anandigwira mkono n'kundinong'oneza kuti, "Mwanawe, ine ndine wamasiye, pokonza zinthuzo musandiiwale." Ndinabwerera kunyumba mutu uli zwee, osadziwa kuti ndasanduka ndani m'mudzi muno.

Ndili pachulu, uthenga wa Fabiano unalowa.

"Bwera msanga. Ndadzitsekera m'shopu."

*

Ndinakwera kabaza. Pakhomo pa shopu panali anthu ngati tsiku la malipiro, koma panalibe wofuna nyimbo. Bambo wina anali ndi makasu awiri omangidwa pamodzi. Ndinalowera kukhomo la kuseri ndipo ndinapeza Fabiano atakhala pansi, thukuta lili kamukamu.

"Wachita chiyani?" ndinamufunsa.

"Ine? Tamvera ichi."

Anatsegula foni yake. Voisi yake ina inali itazungulira m'magulu onse a pafoni, la tchalitchi, la mpira, la banki m'khonde, mpaka kubwerera kwa mwini wake. Inali kachidutswa kamodzi kokha ka nkhani ija, pomwe mtsogoleri wa chombo amaitana anthu. Fabiano anali atayankhula ndi mawu okhuthala ngati muulutsi wa pawailesi.

"Abale anga a ku Thyolo, tcherani khutu. Malo tawapeza. Nthaka yake ndi yofiira ngati ya kwathu. Kulibe esiteti, kulibe mpanda, kulibe mlonda. Munthu azilima mpaka pomwe msana wake walekezera. Ulendo ndi waulere. Tengani mbewu zanu, nandolo, mitengo ya chinangwa, ana a nthochi. Malata musasiye."

Za madzuwa awiri munalibe. Za chombo munalibe. Zonsezo zinali m'tizidutswa tina tomwe sitinatumizidwe.

"Malata musasiye!" ndinakuwa. "Anthu akupita ku nyenyezi, iwe ukuwanyamulitsa malata?"

"Nanga akafika azikagona pati? Iwe wemwe unati nkhani izikhala yomveka."

"Bwanji sunatchule kuti ndi kumwamba?"

"Ndinatchula mu voisi ya m'mbuyo mwake! Ndikanadziwa bwanji?"

"Tuluka ukawauze kuti ndi nthano."

"Ndawauza pawindo. Akuti ndikubisa kuti ndipititse abale anga okha. Wina wati ndikapitiriza kukana aotcha shopu."

Ndinamenya matabwa aja ndi chibakera. "Triza! Ndikudziwa ukumva. Tuluka!"

Anabwera akudziongola ngati wadzuka kumene, koma maso ake anali akuthawathawa. Anthu a panja aja nayenso anali atamuopsa.

"Unatsegula foni yanga?"

"Inangolira yokha, asisi."

"N'kudzitumiza yokha?"

"Ine ndinangotumizira amalume anu basi," anatero, mawu atayamba kukwera. "Ndinaona kuti si bwino. Mwamuna akukonza zothawitsa mwana wa eni ake kupita naye kutali, osalowa chikamwini, akuluakulu osadziwa. Ndinati amve okha, amukanize. Zoti iwo akamvetsera pa sipika ku bawo, ine ndinadziwa?"

"Sunamve zina zija? Za madzuwa awiri?"

"Ndinamva. Ndinangoti ndi zachikondi zanu zopusazo."

Fabiano anagwira kumutu. Amalume amva. Amalume omwe amati wonama za malo ndi mfiti. Ndinasiya awiriwo akulozana zala n'kuthamangira kabaza, ndikukonza mawu m'mutu. Ndikawauza kuti ndi nthano chabe, yopekera ine, ndipo wolakwa ndi Triza. Akalipa, atukwana, mwina aponya ndodo, koma pofika mawa aziziritsa mtima.

*

Ndinamva kugogoda ndisanafike pakhomo. Kho! Kho! Kho!

Amalume anali pamwamba pa nyumba yawo ndi hamala, akuzula misomali. Theka la denga linali litatsika kale, malata atasanjidwa bwinobwino pansi pa mtengo wa peyala. Mkati mwa nyumba munkaoneka mphasa yawo ndi jekete la ulonda lili pa msomali, zonse zili pamtetete. Pambali panali mitolo ya mitengo ya chinangwa. Chinangwa chathu chosakhwima anali atachizula chonse, ndipo mayi anali chogwada akukulunga ana a nthochi m'masaka onyowa.

"Amalume! Tsikani! Mukutani?"

"Teleza!" anakuwa mosangalala. Chibadwire sindinawaonepo akuseka mpaka kuonetsa usinini. Anatsika pamakwerero ngati mnyamata, n'kundigwira manja onse awiri. "Mwana wa mlongo wanga, unandibisiranji? Unkaopa kuti ndilalata?"

"Amalume, tamverani kaye..."

"Ndamva kale, kambirimbiri. Mtsikana wotchaja mafoni uja amati ndipse mtima kuti mkamwini akukutengera kutali. Ndipse mtima? Ine ndinkasowa pomuika, iye wapeza potiika tonse! Mwana ameneyu ndinamulakwira. Ndinkamuona ngati wongoseweretsa mawaya."

"Nkhani imeneyo si..."

"Lole ya ku Mangochi inandisiya ndili pa bedi la chipatala. Iyi ikapeza ndamanga kale katundu." Anandisiya dzanja limodzi n'kupukuta m'maso ndi chipewa. Amalume anga, munthu wouma ngati chitsa, anali akulira. "Ndatuma kale mawu kwa akwawo. Loweruka abwere. Ukwati ndalola, Teleza. Dan ndamuuza kuti asapondenso pano."

Mawu omwe ndinawadikira miyezi yonseyi anali amenewo. Ndinawapempherera, ndinawalirira kuseri kwa nyumba. Tsopano anali atabwera, atakwera pamsana pa bodza lomwe ndinalamula ndekha kuti lipekedwe. Ndinakwiyira Triza, ndinakwiyira Fabiano ndi malata ake, ndinakwiyira ngakhale netiweki yomwe imadula nkhani m'tizidutswa.

Ndinayang'ana mayi kuti mwina andithandiza. Iwo anadzutsa mutu, manja ali matope okhaokha.

"Nthochizi ndi za mtundu wa agogo ako," anatero motsitsa mawu. "Ndinkadandaula kuti zithera pano. Kumeneko zikabereka, mwana wako adzadya."

Kumwera kunali kutachita mdima. Mphepo yozizira ya chiperoni inayamba kugwedeza masamba a tiyi kumunsi, ndipo nkhungu inali ikukwera chitunda kulunjika kwathu. Foni inanjenjemera m'thumba, uthenga wa Fabiano utalowa. Ngakhale netiweki yomwe sigwira pakhomo pathu inasankha nthawi yomweyo kuti igwire.

"Wawauza? Akuti bwanji?"

Ndinabwezera foni m'thumba. Ndikanena zoona, Fabiano asanduka mfiti ndipo Loweruka kulibe. Ndikakhala chete, denga lotsalalo litsika dzuwa lisanalowe.

Amalume anatola hamala yawo, n'kuponda pa makwerero. Ali pakati anaima, natembenuka.

"Koma pali chimodzi chomwe mkamwini sananene mu foni muja, ndipo mlimi sayenda osachidziwa. Iwe uyenera kuti anakuuza." Anandiyang'ana ndi maso odzaza chikhulupiriro. "Kumeneko mvula imayamba mwezi wanji?"

Yankho ndinali nalo. Fabiano anali atanditumizira dzulo lake, ndipo ndinalira nalo pachulu chifukwa cha kukoma kwake. Kumeneko mvula imayamba tsiku lomwe zithunzithunzi ziwiri za munthu zakumana n'kukhala chimodzi.

Dontho loyamba linagwera pa mphasa ya amalume, kumbali yopanda denga ija, iwo akudikirabe kuti ndiyankhe.